Khomo Losatsekedwa: Mbiri ya Masewero a Zachipatala pa Kanema ku Britain

Palibe munthu amene amapita kuchipatala kuti akasangalale. Fungo la mankhwala, kubuula kwa odwala, mabenchi odikirirapo ndiponso nkhope za achibale amene akuyembekezera mawu a dokotala ndi zinthu zimene munthu amafuna kuziiwala akangotuluka pachipata. Komabe kuyambira m'chaka cha 1957, anthu miyandamiyanda a ku Britain akhala akuweruka kuntchito, kudya chakudya chamadzulo, kenaka n'kukhala pansi kuti aonere chipatala pa wailesi ya kanema. Sewero la Emergency – Ward 10 lidakhala zaka 10, la Holby City zaka 23, ndipo la Casualty, lomwe lidayamba mu 1986, laonetsedwa kwa zaka zoposa 38. Mwa masewero onse a zachipatala oonetsedwa madzulo padziko lapansi, palibe lina limene lakhalitsa chotero.

Luso la alembi palokha silingafotokoze kukhalitsa kumeneku, pakuti alembi, atengambali ndi akuluakulu a nyumba zoulutsira mawu asintha kambirimbiri. Gwero lake lili m'mbiri ya dzikolo. Chipatala chimene chimaoneka m'masewerowa ndi cha boma, chaulere, cholandira aliyense. Motero wotsata mbiri yawo amatsatanso mmene anthu a ku Britain akhala akuonera lonjezo limene adadzipatsa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha: poyamba mwaulemu, kenaka mwaukali, ndipo m'zaka zaposachedwa mwankhawa.

Lonjezo la 1948

Chaka cha 1948 chisanafike, kudwala ku Britain kunkalira ndalama. Lamulo la inshulansi la mu 1911, limene adabweretsa David Lloyd George, linkathandiza munthu wapantchito wa malipiro ochepa kuonana ndi dokotala, koma mkazi wake wapakhomo ndi ana ake sankawerengedwa. Zipatala zina zinkayendera zopereka za anthu akufuna kwabwino, zina zidali za makhonsolo, ndipo zambiri mwa za makhonsolozo zidachokera ku nyumba zosungiramo amphawi zimene anthu ankaziopa ngati ndende.

Aneurin Bevan, yemwe adakhala nduna ya zaumoyo mu 1945, adakulira m'tauni ya migodi ya malasha ya Tredegar ku Wales, ndipo iye mwini adalowa mumgodi ali ndi zaka 13. Kwawoko anthu apantchito adali ndi bungwe lotchedwa Tredegar Medical Aid Society. Aliyense ankadulidwa kangachepe pa malipiro ake, ndipo akadwala iye kapena wa m'banja lake ankathandizidwa osalipira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Bevan adatenga nzeru imeneyi, pamodzi ndi mfundo za lipoti la William Beveridge la mu 1942, n'kuikuza kuti ikwanire dziko lonse. Madokotala ambiri, kudzera m'bungwe lawo la British Medical Association, adakaniza kwa nthawi yaitali poopa kusanduka antchito a boma, koma pa 5 Julayi 1948 National Health Service, imene aliyense amangoti NHS, idayamba kugwira ntchito. Ndalama zake zinkachokera makamaka kumisonkho, ndipo wodwala sankafunsidwa kanthu pakhomo.

Mkangano wa ndalama sudachedwe. Mu 1951 Bevan adatula pansi unduna pokwiya kuti anthu ayamba kulipitsidwa pa magalasi a maso ndi mano oikirira. Kuyambira pamenepo, funso loti chuma cha dziko chingasenze bwanji lonjezo lalikulu chotere silidachoke pakamwa pa andale. Mmodzi mwa iwo, Nigel Lawson, yemwe adali nduna ya zachuma m'zaka za m'ma 1980, adafika poyerekeza NHS ndi chipembedzo cha Angerezi. Chinthu chokondedwa motero, chodetsanso nkhawa motero, sichikadalephera kulowa m'nthano za eni ake.

Wodi ya chiyembekezo

Wailesi ya kanema idafala ku Britain m'zaka zomwezo zimene NHS inkakhazikika. Anthu oposa 20 miliyoni adaonera mwambo wolonga ufumu Elizabeth II mu 1953, ndipo mu 1955 kudabwera ITV, nyumba yoyendera ndalama za otsatsa malonda, imene inkasowa masewero oti anthu aziwatsatira sabata ndi sabata. Mlembi wina wa kampani ya ATV, Tessa Diamond, adapereka ganizo la sewero la anamwino loti lingokhala masabata 6. Lidayamba pa 19 Febuluwale 1957 ndi dzina loti Emergency – Ward 10, linkaonetsedwa kawiri pasabata, ndipo lidafika mpaka 1967 ndi magawo oposa 1,000.

Chipatala chake chopeka cha Oxbridge General chidali chaudongo ndi chabata. Madokotala ambiri adali amuna aulemu wawo odziwa chochita, anamwino adali atsikana omvera, ndipo nkhani zochuluka zinkazungulira pa chikondi cha pakati pawo. Odwala ankachira. Okonza seweroli ankaonetsetsa kuti imfa zikhale zowerengeka pachaka, ndipo ankapewa matenda amene akadaopseza oonera. Zimenezi zidali ndi ntchito yake. Ambiri mwa oonerawo adali ana a anthu amene ankati kuchipatala n'kofera, tsono seweroli lidawazoloweza ganizo loti munthu akhoza kugonekedwa, kuchitidwa opaleshoni, n'kubwerera kwawo akuyenda yekha.

Madokotala enieni ankaikayikira kamera. Mu 1958, BBC itayamba pulogalamu ya Your Life in Their Hands imene inkaonetsa maopaleshoni enieni, magazini ya British Medical Journal idadzudzula kuti zoterezi zidzetsa mantha ndi kutsitsa ulemu wa udokotala. Sewero lopeka lidali losavuta kulilandira chifukwa linkasunga ulemuwo. Lidaterenso sewero la BBC la Dr Finlay's Casebook, la pakati pa 1962 ndi 1971, lonena za dokotala wa m'tauni yaing'ono ku Scotland m'zaka za m'ma 1920. Nkhani zake zidachokera m'zolemba za A. J. Cronin, dokotala amene adagwirapo ntchito ku Tredegar komwe kuja, yemwenso buku lake la The Citadel la mu 1937 lidavumbula kuvunda kwa udokotala wotsata ndalama. Oonera ankasangalala ndi zakalezo podziwa kuti masiku owerenga makobidi asanaitane dokotala adapita.

Lew Grade, mkulu wa ATV, adavomera pambuyo pake kuti kuthetsa Emergency – Ward 10 kudali kulakwitsa kwakukulu. Mu 1972 kampaniyo idabwereranso kuchipatala ndi sewero la General Hospital, lomwe lidafika mpaka 1979.

Anamwino atsegula pakamwa

M'zaka za m'ma 1970 chuma cha Britain chidagwedezeka, ndipo bata la m'mawodi lidatha. Anamwino adachita zionetsero za malipiro mu 1974, madokotala achinyamata adanyanyala ntchito mu 1975. Chaka chomwecho BBC idayamba sewero la Angels, lolembedwa ndi Paula Milne, lotsata atsikana 6 ophunzira unamwino pachipatala chopeka cha St Angela's ku London. Dzinali, lotanthauza angelo, lidali ndi chipongwe mkati mwake, chifukwa atsikanawa ankatopa, ankalakwitsa, ankamwa mowa ndiponso ankayankha akuluakulu awo. Kamera idachoka paphewa pa dokotala n'kutsikira kwa amene amasintha zofunda ndi kutaya mikodzo. Seweroli lidatha mu 1983.

Nthawi imeneyo n'kuti Margaret Thatcher atalamulira zaka 4. Boma lake lidapempha Roy Griffiths, mkulu wa masitolo a Sainsbury's, kuti aunike kayendetsedwe ka NHS, ndipo lipoti lake la mu 1983 lidabweretsa mamanijala m'zipatala. Ntchito zosesa, zophika ndi zochapa zidayamba kupikisanidwa ndi makampani. Anyamata awiri a zisudzo, Jeremy Brock ndi Paul Unwin, adaona kuti loto la 1948 likung'ambika, ndipo adanena zomwezo m'chikalata chimene adapereka ku BBC. Adakafufuza pachipatala cha Bristol Royal Infirmary, komwe namwino wina wamwamuna, Peter Salt, adawaonetsa mmene chipinda cholandirira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi chimakhalira usiku. Pa iyeyo ndi pomwe adaumbira Charlie Fairhead, mtengambali yemwe adadzakhala mzati wa sewero lawo.

Casualty idayamba Loweruka pa 6 Seputembala 1986 ndi magawo 15, onse ochitika usiku mumzinda wopeka wa Holby. Chipatala chake chidali chothina, cha zipangizo zoperewera ndi antchito otopa, ena osuta fodya ndi kumwa mowa kuti apirire. Akuluakulu ankafuna kutseka ntchito yausiku kuti apulumutse ndalama. M'zaka zoyambazo seweroli lidakhudza Edzi, kugwiririra, nkhanza za m'banja ndi uchidakwa. Andale a chipani cholamula cha Conservative, kuphatikizapo Edwina Currie yemwe adali wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo, adalidzudzula kuti ndi ndale zobisala m'zisudzo, ndipo anamwino ena adadandaula kuti likuwanyozetsa. Oonera adapitirira kuchuluka. Mu Febuluwale 1993, gawo limene achinyamata ochita zipolowe adatentha chipatalacho lidaoneredwa ndi anthu pafupifupi 17 miliyoni, ndipo lidabweretsa madandaulo ambiri kaamba ka chiwawa chake.

Ena adaona kuti ngakhale Casualty ikubisa zambiri. Jed Mercurio, dokotala wachinyamata amene adayankha chilengezo cha m'magazini ya madokotala, adalemba Cardiac Arrest, yoonetsedwa kuyambira 1994 mpaka 1996, pogwiritsa ntchito dzina lobisa loti John MacUre. M'menemo madokotala ongoyamba kumene amagwira ntchito usana ndi usiku osagona, ndipo kutopa kwawo kumapha anthu. Mu 2001 lipoti la Ian Kennedy lidapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pachipatala cha Bristol chomwe chija, makanda pakati pa 30 ndi 35 adamwalira pambuyo pa opaleshoni ya mtima kuposa chiwerengero chimene chikadayembekezeka kwina. Dokotala wogonetsa odwala amene adaulula vutoli, Stephen Bolsin, adakathera ku Australia. Sewero lina la Mercurio, Bodies, la mu 2004 mpaka 2006, lidaonetsa zofanana: dokotala wamkulu wosadziwa bwino ntchito amatetezedwa ndi anzake, woulula ndiye amalangidwa. Masewero aukaliwa adatamandidwa, koma adali a zaka zowerengeka. Amene adakhalitsa ndi aja odzudzula kayendetsedwe ka chipatala popanda kuchotsa chikhulupiriro mwa anthu ogwiramo ntchito.

Mphamvu ya khomo

Chinthu choyamba chimene chimakoka oonera ndi khomo lenilenilo. Britain ndi dziko limene kusiyana kwa olemera ndi osauka kumamveka ngakhale m'kalankhulidwe, ndipo malo amene anthu a magulu onse amakumana ndi ochepa. Chipinda cha ovulala ndi amodzi mwa malowo. Loya, wosowa pogona, mwana wakhanda, chidakwa ndi mkaidi womangidwa unyolo amakhala pabenchi limodzi, ndipo namwino amawaitana potsata kukula kwa vuto lawo. Mlembi safunika kuvutika kupeka chifukwa chokumanitsira anthu otere. Ambulansi imawabweretsa yokha, awiri kapena atatu pagawo lililonse, aliyense ndi nkhani yake.

Chachiwiri ndi kamangidwe ka nkhani. Kwa zaka zambiri gawo la Casualty linkayamba kunja kwa chipatala: bambo akukwera makwerero, mayi wasiya mafuta pamoto, anyamata akuthamangitsa galimoto. Mabanja ankapikisana kulosera amene avulale ndi mmene avulalire, ndipo alembi ankasangalala kuwasocheretsa. Pansi pa masewerawa padali choonadi chimene akuluakulu adachimanga m'mwambi woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Woonera aliyense ali ndi makwerero ake ndi mtima wake umene tsiku lina udzaima. Seweroli limamulola kuyang'ana tsikulo ali pampando wa kunyumba kwake, ndipo limamuuza kuti likadzafika padzakhala anthu omulandira.

Chachitatu n'chakuti matenda amamasula zinsinsi. Pambali pa bedi la wodwala pamakumana abale amene adasiya kulankhulana, pamaululika mimba zobisidwa, ngongole ndi zipsera za nkhanza. Nthawi zambiri namwino amazindikira kuti bala limene laoneka ndi khomo chabe la vuto lina. Kaamba ka ichi, sewero la zachipatala limatha kunyamula nkhani iliyonse imene ikuvuta dziko panthawiyo, kuyambira ulova ndi mankhwala ozunguza bongo mpaka tsankho ndi kusungulumwa kwa okalamba.

Chachinayi ndi nkhope zosachoka. Odwala amabwera n'kupita, koma Derek Thompson adasewera Charlie Fairhead kuyambira gawo loyamba mpaka mu Malichi 2024, magawo pafupifupi 900. Cathy Shipton adalowa mu 1986 ngati namwino wamng'ono Duffy, adachoka n'kubwerera kangapo, ndipo mu 2020 oonera adamuperekeza kumanda atadwala matenda oiwalaiwala. Amene adayamba kuonera ali ana asukulu adafika posamala makolo awo odwala matenda omwewo. Apa mpamene masewerowa amasiyana ndi a ku America monga ER, imene idayamba mu 1994, kapena Grey's Anatomy ya mu 2005. Ngwazi ya Casualty idali namwino wamba wovutika ndi banja lake, ndipo mdani wake wamkulu adali kuchepa kwa mabedi. Dziko la zisudzo lili ndi kaseweredwe kake: mu 2017 BBC idaulula kuti Thompson ankalandira ndalama zoposa £350,000 pachaka, pamene namwino weniweni wongoyamba ntchito ankalandira pafupifupi £22,000.

Mu Januwale 1999 BBC idatsegula zipinda zapamwamba za chipatala chomwecho ndi sewero la Holby City, lopangidwa ndi Tony McHale ndi Mal Young, lonena za madokotala a opaleshoni. Mu 2000 kudabwera Doctors, sewero la masana la pachipatala chaching'ono cha m'dera. Kwa zaka zoposa 20, munthu ankatha kuonera NHS yopeka pafupifupi tsiku lililonse la sabata.

Zimene oonera amatola

Sewero looneredwa ndi anthu mamiliyoni limaphunzitsa, kaya lifune kaya lisafune, ndipo akafukufuku adayesa kupima zimenezi. Mu 1996 magazini ya New England Journal of Medicine idasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti m'mapulogalamu a ku America, anthu 75 mwa 100 alionse amene mtima wawo waima ankatsitsimuka akapsinjidwa pachifuwa ndi kupatsidwa mpweya, chiwerengero choposa kutali zimene zimachitika m'zipatala. Mu 1998 British Medical Journal idaunika masewero a ku Britain, kuphatikizapo Casualty ndi Cardiac Arrest, ndipo idapeza kuti otsitsimuka adali 25 mwa 100, pafupi ndi zenizeni. Nkhaniyi ndi yaikulu, popeza achibale amene akufunsidwa ngati wodwala wawo wokalamba ayesedwe kutsitsimutsidwa amayankha potengera zimene adaona.

Kafukufuku wina adaonetsa mbali yowawa. Mu Novembala 1996 Casualty idaonetsa munthu amene adamwa mopyola muyezo mankhwala a paracetamol, amene ambiri amawadziwa kuti panado. Keith Hawton wa ku Oxford ndi anzake adatsata zipatala 49, ndipo mu 1999 adalengeza kuti chiwerengero cha anthu obwera atadzimwetsa mankhwala chidakwera ndi 17 pa 100 m'sabata yoyamba ndi 9 pa 100 m'sabata yachiwiri. Kafukufuku mnzake adapeza kuti oonera gawolo adadziwa bwino kuposa ena kuti mankhwalawa amaononga chiwindi. Gawo limodzi lomwelo lidachenjeza ena n'kusocheretsa ena, ndipo zotsatirazi zakhala zikutchulidwa pokambirana za kusamala kofunika poonetsa nkhani za kudzipha.

Manja ochokera kutali

Lonjezo la 1948 silikadakwaniritsidwa ndi manja a eni dziko okha. Sitima ya Empire Windrush idatsitsa anthu a ku Caribbean padoko la Tilbury pa 22 Juni 1948, patangotsala masabata awiri kuti NHS iyambe, ndipo m'zaka zotsatira anamwino adaitanidwa kuchokera ku Ireland, ku Caribbean ndi ku Africa, madokotala kuchokera ku India ndi Pakistan. Mmodzi mwa madokotala amene adali ndi odwala awo kumpoto chakumadzulo kwa London pamene NHS inkayamba adali Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe adachoka mu 1953 kupita ku Gold Coast asanabwerere ku Nyasaland mu 1958.

Kanema adachedwa kuvomereza zimenezi. Mu 1964 Emergency – Ward 10 idali ndi dokotala wa opaleshoni wachikuda, Louise Mahler, woseweredwa ndi Joan Hooley wobadwira ku Jamaica, ndipo kupsompsonana kwake ndi dokotala mzungu kudali kumodzi mwa koyamba kotere pa kanema wa ku Britain. Posakhalitsa, monga adafotokozera Hooley mwini, mtengambaliyo adachotsedwa m'nkhani potumizidwa ku Africa, komwe adafa atalumidwa ndi njoka. Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. Carmen Munroe wa ku Guyana adasewera namwino wamkulu mu General Hospital, ndipo Hugh Quarshie wobadwira ku Accra adasewera dokotala Ric Griffin mu Holby City kuyambira 2001 mpaka 2020. Mu 2005 gawo lina la seweroli lidajambulidwa ku Ghana.

Chimene masewerowa saonetsa kawirikawiri ndi wodi imene namwino wachilendo adasiya kwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene boma la Tony Blair linkawonjezera ndalama ndi antchito mu NHS, anamwino ambiri adachoka ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, maiko amene panthawiyo Edzi idadzaza zipatala zawo. Ku Malawi kokha adachoka mazana angapo m'zaka zowerengeka, ambiri a iwo odziwa ntchito. Britain idakhazikitsa malamulo mu 2001, n'kuwalimbitsa mu 2004, oletsa NHS kukopa antchito a m'maiko osauka, koma munthu ankatha kulowera kunyumba zosamalira okalamba kenaka n'kupeza ntchito m'chipatala cha boma. Mu 2004 boma la Malawi lidayambitsa ndondomeko yapadera yosunga antchito a zaumoyo, ndipo kuyambira 2005 malipiro awo adawonjezeredwa ndi 52 pa 100 ndi thandizo la Britain yomweyo pamodzi ndi Global Fund. Anamwinowo sangadzudzulidwe, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mu 2023 pafupifupi wantchito mmodzi mwa asanu alionse a NHS ku England adali nzika ya dziko lina, ndipo khomo limene oonera amanyadira kuti silitsekedwa lakhala lotsegula mwa zina chifukwa cha makomo ena amene adasowa owalondera.

Mliri ndi kutsekedwa kwa mawodi

Pa 27 Julayi 2012, pamwambo wotsegulira masewera a Olympics ku London, Danny Boyle adadzaza bwalo ndi mabedi a chipatala ndi anamwino ovina, pofuna kuuza dziko lapansi chimene Britain imanyadira. Chaka chomwecho kudayamba Call the Midwife, sewero la azamba a ku Poplar kum'mawa kwa London, lochokera m'zolemba za Jennifer Worth, limene nkhani yake imayambira mu 1957. Kukondedwa kwake kudasonyeza kuti anthu ayamba kuyang'ana m'mbuyo, ku zaka zimene lonjezo lidali lachilendo ndipo zipatso zake zinkaoneka ndi maso.

Mu 2020 zopeka ndi zenizeni zidakumana. Mliri wa Covid-19 utabuka, kujambula kudaima, ndipo Holby City idapereka makina ake enieni awiri othandizira kupuma kuchipatala chapadera cha Nightingale ku London. Lachinayi lililonse madzulo anthu ankaima pamakomo awo kuombera m'manja antchito a zaumoyo. Madokotala anayi oyamba kufa ndi matendawa m'dzikomo adali ochokera ku Sudan, Pakistan ndi Nigeria. Casualty itabwerera pa 2 Januwale 2021, idaonetsa imfa ya Noel Garcia, kalaliki wolandira odwala yemwe oonera adamudziwa kuyambira 2008, ndipo chaka chimenecho seweroli lidapata mphotho ya BAFTA.

Kuomba m'manja kutatha, mavuto adatsala. Mu Disembala 2022 bungwe la Royal College of Nursing lidatsogolera kunyanyala ntchito kwakukulu koposa m'mbiri yake. Mu Seputembala 2023 mndandanda wa chithandizo chodikiriridwa ku England udafika pafupifupi 7.7 miliyoni. Muyezo woti odwala 95 mwa 100 azithandizidwa m'chipinda cha ovulala pasanathe maola 4 udakwaniritsidwa komaliza mu 2015. Masewero nawo adakumana ndi mamanijala awo. Holby City idatha pa 29 Malichi 2022 itaonetsa magawo oposa 1,100, BBC itanena kuti ikufuna kupanga masewero ambiri kunja kwa London. M'gawo lomaliza dokotala Jac Naylor adamwalira, ziwalo zake n'kupatsidwa kwa odwala ena. Doctors idatha mu Novembala 2024 kaamba ka kukwera mtengo kwa kujambula. Oonera nawonso adamwazikana ndi kubwera kwa Netflix ndi anzake, kotero kuti masiku a anthu 17 miliyoni oonera chinthu chimodzi pa ola limodzi adapita.

Casualty, imene kuyambira 2011 imajambulidwa ku Cardiff, mtunda wosatalika kuchokera ku Tredegar, ndiyo idatsala pa masewero atatu aja. M'magawo ake a zaka zaposachedwa muli odwala ogona m'makonde, maambulansi ondandana panja ndi anamwino olingalira zosiya ntchito, zinthu zimene okonza Emergency – Ward 10 sakadalola kuti zioneke. Sewero silingawonjezere bedi ngakhale limodzi m'chipatala, ndipo ena amati limazoloweza anthu mavuto amene akadayenera kuwakana. Ngakhale zili choncho, kwa mibadwo itatu masewerowa asunga pamaso pa anthu muyezo umene Bevan adaika, woti wodwala alandiridwe potsata kudwala kwake, ndipo oonera akhala akuyezera pamenepo boma lililonse limene lalamulira. Kuyambira mu 1957, odwala a m'masewerowa afunsidwa mayina awo, pamene pakupweteka ndi wachibale woti aimbiridwe foni, ndipo funso la ndalama lakhala likuperekedwa kwa andale ndi mamanijala.